Nyimbo ya Anti Imene Sitinaidikire

M'foni mwanga muli vidiyo imodzi imene sindimaidilita. Mafoni ndasintha anayi, zithunzi za ukwati wa achemwali anga zinapita, manambala a anthu akumudzi anapita, koma iyi yokha ndimaisamutsa ndisanagule ndi kava yomwe. Ndi ya mphindi zinayi. Zitatu zoyamba akuimba Anti. Yomalizayo ndi ine ndi anthu anga.

Ndiyambire poyambira, chifukwa ine ndikatenthedwa ndimadumpha nkhani.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku South Bend, ku Amereka kuno, kwa achemwali, ndikugwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Shifiti, kugona, foni, shifiti. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma musandione choncho, chilichonse ndinkachiphunzira pa foni: kuluka tsitsi, kusintha tayala, kudula mavidiyo n'kuwalumikiza. Pa gulupu ya pa foni ya Amalawi a kuno ku Indiana, munthu akadzuka n'kupeza mameseji mulu, theka anali anga. Chinkhoswe, ubatizo, tsiku lobadwa, wojambula ndinali ine, ndipo ndinkadzitama nazo koopsa.

Anti sanali achibale anga. Kuno mayi aliyense wokuposa msinkhu ndi anti basi. Ndinawaona koyamba pa pikiniki ya Amalawi ya mu Julaye ku Indianapolis. Anakhala paokha pampando wopinda, atakulunga mpango m'khosi, dzuwa likuswa mtengo. Anthu ankawapatsa moni wa manja awiri kenako n'kusuntha msanga. Mayi wina anandinong'oneza kuti awo ndi aja oimba zachizungu, akayamba mungaganize kuti munthu wathiridwa madzi otentha. Ndinaseka. Sindibisa, ndinaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kenako anandikodola.

"Iwe wa foni, tabwera kuno."

Foni yawo inali itayamba kuyankhula yokha, chilichonse akadina ikuwerenga mokweza. Ndinaikonza nthawi yomweyo, koma ndinachokapo nyama yowotcha itatha, chifukwa ine ndi mafunso sitisiyana. Ndinawafunsa ngati ndi zoona kuti amaimba zachizungu. Anati eya, zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndinali Mmalawi woyamba kufunsa zimenezo atawayang'ana m'maso.

Nkhani yawo inali yotere. Anakulira pa mishoni ina kumene masisitere ankayankhula Chifalansa. Sisitere wina anali ndi galamafoni ndi timbale tingapo, Lamulungu masana ankaliza pakhonde, ndiye Anti ali kamtsikana ankatenga tsache n'kumasesa pamalo posesa kale, kuti amve nawo basi. Nyimbozo anaziloweza asakudziwa kuti zikunena chiyani. Ku South Bend anabwera kudzaphunzira unesi ine ndisanabadwe. Mu kwaya ya kutchalitchi mphunzitsi wina wa nyimbo anawamva, n'kuwakokera ku gulu la masewero oimba. Amati opereta. Ndi sewero loti anthu amayankhula pang'ono, kenako mwadzidzidzi ayamba kuimba, nkhani zake za chikondi ndi kunamizana, zoseketsa, pamapeto pake aliyense wakwatira. Pakati pa sabata anali nesi, Loweruka ali pa siteji m'timatauni tating'ono ta pakati pa minda ya chimanga, m'maholo a masukulu. Zaka zonsezo mbali imene ankawapatsa inali imodzimodzi: wantchito wa m'nyumba. Wobweretsa kalata, wobisa chibwenzi cha dona bwana akatulukira.

"Ndabisa amuna m'makabati kuposa mkazi aliyense wa mu Indiana muno," anatero, nkhope ili gwa, ngati akupereka lipoti la wodwala.

Atasamukira ku Indianapolis anayamba kuimbanso nyimbo za Chifalansa, zija za m'malesitilanti, Lachisanu lililonse pamalo ena mtauni. Mkulu wina wachizungu wamtali, wowerama msana, ndi amene ankawaimbira piyano, zaka ndi zaka. Ndinafunsa kuti nanga mavidiyo ali kuti, ndiwaike pa intaneti anthu aone. Anati anali ndi matepi katoni yodzaza m'chipinda cha pansi, chaka china mvula inachuluka, madzi analowa, katoniyo anakaitaya ikudontha. Chimene chinatsala ndi timapepala ta mapulogalamu, dzina lawo lili pansi penipeni m'zilembo zing'onozing'ono.

Kuyambira pamenepo Loweruka limene sindinali pa shifiti ndinkasaka aliyense wopita ku Indianapolis, maola awiri ndi theka pamsewu, kuti ndikafike kwawo ku Beech Grove, m'mphepete mwa mzindawo. Kanyumba kakang'ono, piyano yakale pabalaza, fungo la tiyi wa mandimu. Ndinkawakonzera foni, ankandidyetsa, ine n'kumalongolola. Akayamba kuyeserera ndinkasolola foni, iwo n'kusiya pomwepo. Ankati kuyeserera kuli ngati kusamba, sajambula. Ndiye zimene ndinkamva zinali zidutswa chabe, mzere umodzi kuubwereza kakhumi, kukwera, kutsika, kutsokomola, kumwa madzi.

Tsiku lina akutsuka makapu ananena chinthu ngati akuyankhula ndi sinki. Anati zaka zonsezi akatuluka pa siteji amayamba ayang'ana m'mipando ngati muli duku ngakhale limodzi. Sanalionepo. Amalawi ankawaitana pakagwa maliro, kuti akatsogolere nyimbo za m'buku, basi. Mawu amenewo anandikhala. Ndinawasunga ngati mmene ndimasungira sikirinishoti.

Masamba atayamba kufiira ndi pamene anandiuza za chotupa. Anali akusenda apulo, sanasiye n'kusenda komwe. Anati madokotala apeza chotupa pakhosi, achita opaleshoni Lachiwiri la sabata yachitatu kuchokera tsikulo. Kuyankhula mwina adzayankhulanso. Kuimba, madokotala anayankha mofatsa kwambiri, ndipo iwo monga nesi ankadziwa tanthauzo la kufatsa koteroko. Ndiye anali atabwereka kaholo kena mtauni, Lamulungu masana, kutatsala masiku awiri kuti alowe m'chipatala. Aimba komaliza.

"Ndikufuna nyimbo imodzi yathunthu, mwana wanga. Imodzi yokha. Kuti ndikadzakhala chete ndizidziwa kuti sindinalote."

Anandipatsa malamulo atatu. Loyamba, za matendazo ndisauze munthu. Lachiwiri, nyimbo zina zonse ndisajambule, chifukwa aziimba mobera, mosunga mawu. Anati mawu awo tsopano ali ngati batire la foni yakale, likafika pa theka limangozima osatsanzika, ndiye mphamvu zonse azisungira nyimbo yomaliza. Lamulo lachitatu linali la nyimbo yomalizayo. Inali ija yoyamba kuimva pa khonde la masisitere. Anandifotokozera kuti imanena za mayi amene wabwerera mumsewu umene anakulira, wapeza nyumba ilipo koma chitseko anachipenta mtundu wina. Waima pakhomo, wakweza dzanja kuti agogode. Pamenepo piyano imasiya, woimba naye amasiya. Zii. Munthu ukhoza kuwerenga mpaka eyiti. Kenako ndime yomaliza.

"Pamalo pamenepo usaganize kuti yatha. Usazimitse."

Ndinafunsa kuti ndiye mayiyo amagogoda kapena ayi. Anandimenya ndi kansalu kopukutira mbale, akuti ndidzamva Lamulungu lakelo.

Pobwerera ku South Bend mutu wanga unali ukuwira. Komaliza, eti. Komaliza, ndiye m'mipando musakhale duku ngakhale limodzi? Tisanafike ndi pa tauni ya Kokomo pomwe ndinali nditaposita kale pa gulupu. Za matenda sindinanene, lamulo limenelo ndinasunga. Ndinalemba kuti Anti athu aja ali ndi konsati, tachita manyazi mokwanira, tiyeni tikawasapote mwa Chimalawi, azimayi zitenje, abambo masuti. Ndipo mzere womaliza, umene mpaka lero ndimauona ndikatsinzina: musaiwale ma wani dola ofupira.

Mundimvetse. Ine konsati ya mtundu umenewo ndinali ndisanapiteko chibadwire. Kwathu munthu akaimba bwino sumangokhala pampando ngati uli pa depoti. Umadzuka, umavina kupita kutsogolo, umamufupa, umamuponyera kandalama, amayi amalulutira, wina amamumanga chitenje m'chiuno. Woimba amene anthu amangomuyang'ana ndiye kuti walephera. Ine m'mutu mwanga azungu aja zaka makumi atatu ankawamana Anti ulemu wawo, ndipo ine ndi amene nditawabwezere. Gulupu inayaka moto. Amayi a tcheya a azimayi anati chitenje agula iwo. Ena anati akachoka ku tchalitchi molunjika. Anti pa gulupu sanalipo, anatulukapo kalekale chifukwa cha mameseji anga omwe.

Za malo a zii aja sindinauze munthu. Sizinandibwerere n'komwe. Ndinaganiza kuti ndi nkhani ya ine ndi batani la foni.

Lamulungu lija ndinafika molawirira. Holoyo inali pamwamba, kukwera masitepe opapatiza, mipando yopinda, makatani ofiira othothoka. Ndinadilita magemu onse ndi zithunzi za chaka chathunthu kuti malo akwane, ndinazimitsa netiweki kuti wina asandiimbire pakati pa nyimbo, ndinaimika foni pa kamiyendo katatu kamene ndinabwereka, mzere wachiwiri, pakati penipeni. Ndinayesa kawiri. Zonse zinali bwino. Azungu okalamba anayamba kulowa mmodzimmodzi, ena ndi ndodo, kunong'onezana ngati m'tchalitchi. Mmalawi ndinali ine ndekha. Nthawi inakwana, anatseka chitseko.

Anti anatuluka atavala diresi ya buluu wodera, opanda mpango. Kanali koyamba kuona khosi lawo. Anayang'ana m'mipando, kumanzere, kumanja, mwachangu, ngati munthu wozolowera kusapeza chimene akufuna. Kenako anamwetulira, mkulu wa piyano uja n'kuyamba.

Abale inu, ine ndinali ndisanawamve. Zidutswa za pabalaza zija sizinali kanthu. Anayamba ndi za opereta, atatenga kansalu kopukutira fumbi, mwadzidzidzi sanalinso nesi wopuma pantchito, anali kamtsikana kantchito kamwano kakunamiza bwana wake, maso uku, chiuno uku. Azungu ankaseka, ine ndinkaseka nawo osamva liwu ndi limodzi lomwe. Mawuwo ankakwera ngati sakuchokera mwa munthu, ndipo amenewo ndi amene ankati obera. Chala changa chinkayabwa kuti ndidine batani. Sindinadine. Moyo wanga wonse ndakhala wosamvera, koma lamulo limene ndinayenera kuliphwanya ndi limene ndinalisunga.

Pakati pa nyimbo ankamwa madzi, dzanja lili pakhosi. Nyimbo ikatha azungu ankaomba m'manja mwaulemu, n'kusiya onse nthawi imodzi. Ine ndinkangocheuka kuchitseko.

Anafika kutatsala nyimbo imodzi. Ndinamva kaye masitepe akugunda. Mtsikana wa pakhomo anawaimitsa mpaka nyimbo imene inali mkati itatha, kenako anatsegula. Maduku, zitenje, masuti, ana, perefyumu, anthu pafupifupi magalimoto asanu ndi imodzi, a ku South Bend ndi a mu Indianapolis momwemo. Tchalitchi chinatuluka mochedwa, kenako anaima panjira kuti ana adye. Anadzaza kumbuyo konse, ena anaimirira m'mbali mwa khoma. Amayi a tcheya anabwera kudzakhala kumbuyo kwanga, n'kunditsina paphewa.

Nkhope ya Anti ndinaiona. Mu vidiyo mulibe, ndinali ndisanadine. Anatsegula pakamwa pang'ono, anagwira m'mphepete mwa piyano, anayang'ana maduku aja limodzi ndi limodzi. Kenako anandiyang'ana ine. Ndinawakwezera chala chachikulu, ndikunyadira ngati ndagula ndege.

Anapuma mpweya wautali. Anamugwedezera mutu mkulu wa piyano. Ndinadina.

Mphindi zitatu zimenezo sindingazifotokoze, ndayesapo kangapo. Mawu awo anali apansi, osathamanga, ngati munthu akuyenda mumsewu akuwerenga nyumba. Chifalansa sindimva koma ndinaona msewuwo. Ana anasiya kusuntha. Mayi uja wa madzi otentha anali atagwira pakamwa. Anti sankayang'ana munthu, anali kutali, ndipo mawu aja anayera, kusasa konse kunachoka, batire linali likupereka zonse. Kenako anakweza dzanja lamanja pang'onopang'ono, atafumbata, ngati ali pa chitseko. Piyano inasiya. Iwo anasiya.

Zii.

Mu vidiyo ndawerenga kambirimbiri. Wani. Thuu. Firii. Pa folo amayi a tcheya anayamba nthungululu kumbuyo kwanga. Ndipo ine, ine amene ndinauzidwa, ine ndekha mu gulu lonselo amene ndinkadziwa, pakamwa panga panangotseguka. Sindinaganize. Chifuwa chinali chitadzaza, winawake anayamba, thupi linayankha. Ndinalulutira ndi mphamvu zanga zonse, mlomo uli pafupi ndi foni ngati chikhatho chimodzi.

Zotsatira zake mukuzidziwa ngati munapitako ku ukwati. Anthu anakhamukira kutsogolo. Ma wani dola m'mwamba, pa piyano, paphewa pa Anti. Abambo wina analiza likhweru. Wina anayambitsa kolasi ya kwathu, onse n'kuilandira. Amayi a tcheya anakwera pa siteji n'kuwamanga chitenje pamwamba pa diresi ya buluu ija. Azungu anayamba adabwa, kenako ena anayamba kuomba nawo m'manja, akuganiza kuti zinakonzedwa. Wina anagunda kamiyendo katatu kaja, chithunzi chinapendekeka. M'mphepete mwa chithunzi chopendekekacho mumaoneka manja a mkulu wa piyano ali m'malere pamwamba pa makiyi, akudikira.

Anti dzanja lija analitsitsa mochedwa. Sanakalipe. Munthu wobwera kudzakufupa sumubweza, zimenezo ngakhale zaka makumi atatu za ku Amereka sizinawaiwalitse. Anawerama, analandira ndi manja awiri, anavina pang'ono, misozi ikutsika. Anthu ataona misozi anawonjezera phokoso.

Zitazizira pang'ono anakweza dzanja kupempha bata. Anayang'ana mkulu wa piyano, iye anaimba kanoti kamodzi kowakumbutsa poyambira. Anti anatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokha. Anameza, anayesanso. Mpweya. Kulira kuja kunali kutatseka pakhosi, batire linali litazima. Anthu anga anati aa, chimwemwe chawapitirira, n'kuombanso m'manja. Anti anamwetulira, anapukusa mutu pang'ono. Mkuluyo anatseka piyano mwakachetechete.

Pamenepo ndinali nditazimitsa kale foni. Sindikumbuka kuti ndinadina liti.

Potuluka aliyense ankandiyamika. Mwana iwe wachita bwino, wagwirizanitsa anthu. Anti anandigwira dzanja pa masitepe, ananong'ona kufunsa ngati yajambulika. Ndinati yajambulika bwinobwino, ingofunika kuikonza pang'ono.

Lachiwiri analowa m'chipatala. Ine ndinalowa mu foni. Ndinadawuniloda pulogalamu iliyonse imene imati imachotsa phokoso. Pa buleki kuntchito, m'basi, m'bafa. Ndinaphunzira zinthu zoti anthu amapitira ku koleji. Koma ndinkachotsa chiyani? Pansi pa nthungululu yangayo panalibe nyimbo yobisika. Panali zii basi. Ndikadula pa firii, vidiyo inkathera pa mayi wokweza dzanja pa chitseko. Ndikasiya, ndinkadzimva ndekha ndikukuwa. Ndinafika poti nkhalamba ina kuntchito ikasiya kuyankhula pakati pa chiganizo, ndinkayamba kuwerenga chamumtima.

Kuchipatala sindinapite. Ndinkatumiza timitima ndi timaluwa pa meseji. Akafunsa za vidiyo ndinkati ndikumalizitsa, kompyuta yavuta, shifiti zachuluka. Sinowo, chipale chofewa cha kuno, inagwa, ndinapeza chifukwa china, msewu woterera. Miyezi inayi. Munthu amene ndinkalongolola kwawo Loweruka lililonse.

Kenako inabwera meseji yaifupi, yopanda moni: Loweruka ubwere ndi foni yako.

Ndinawapeza atachepa thupi, mpango uli m'khosi, piyano ataifunditsa nsalu, pamwamba pake ataikapo maluwa a pulasitiki. Chitenje chija chinali pampando, chopindidwa bwino. Mawu awo anali ngati pepala likukhuzidwa patebulo, kuti umve umayenera kuwerama. Anandithirira tiyi. Ine ndinayamba kulongolola za msewu, za achemwali, za chilichonse. Anangotambasula dzanja.

Ndinaimika foni pa botolo la shuga. Ndinadina.

Anatsinzina. Mphindi zitatu zonse sanasunthe, kupatula chala chimodzi chimene chinkayenda patebulo. Pena anakwinya nkhope pang'ono, pena anagwedeza mutu ngati akuvomereza wophunzira. Itafika pa chitseko paja, dzanja lawo linakwera lokha. Ine ndinkayang'ana pansi. Wani, thuu, firii. Nthungululu yanga inadzaza khitchini yonse.

Sanatsegule maso. Dzanja linakhalabe m'mwamba mpaka eyiti. Kenako milomo yawo inayamba kuyenda. Mu foni anthu akukuwa, likhweru, kolasi, iwo akuimba ndime yomaliza popanda liwu. Ndinaona chifuwa chikukwera pokoka mpweya, ndinaona mitsempha ya m'khosi pamwamba pa mpango, ndinaona pamene panali noti yaitali chifukwa pakamwa panakhala potsegula nthawi yaitali, chibwano chikunjenjemera. Vidiyo inatha, iwo anapitiriza. Munali zii m'nyumba monse, firiji yokha ikulira. Atamaliza anatseka pakamwa, dzanja linatsikira pamiyendo. Ngati linagogoda kapena ayi sindinaone, maso anga anali pa milomo.

Anandiuza kuti ndibweze pamalo a phokoso paja. Ndinabweza. Anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Wapafupiyu ndani?"

"Ndine, Anti."

"Ndinadziwa. Uli ndi mpweya wabwino. Umangouwonongera pa miseche."

Ndinayesa kuseka, zinakanika, ndinayamba kulira, kupepesa, kufotokoza za gulupu, za ma wani dola, kuti ndikhoza kudula pa firii, kuti mwina mkulu wa piyano akhoza kuimba yekha kumapetoko ine n'kulumikiza. Anandisiya ndilongolole mpaka mawu anandithera. Ndiye anawerama kuti ndimve.

"Usadule kalikonse. Phokoso limenelo ndinalidikira zaka makumi atatu." Anapuma, anameza movutikira. "Inu mukanangondidikira mphindi imodzi."

Sananene mokalipa. Anandithiriranso tiyi. Sitinaikambenso nkhaniyo, ngakhale ndinayambiranso kupita Loweruka, ndipo ulendo uliwonse ndisanachoke ankatambasula dzanja, ine n'kuimika foni pa botolo la shuga. Za mayi wa pa chitseko sindinafunsenso. Ndinaona kuti yankho limenelo ndinalitaya ndekha.

Ine ndi munthu woti ndikamva mawu achilendo m'basi ndimawasaka pa foni ndisanatsike. Nyimboyo dzina lake ndikulidziwa, lili pa kapepala ka pulogalamu ya tsiku lija. Oimba ena anaijambula, ili pa intaneti, masekondi awiri ndikhoza kuipeza ndi tanthauzo lake lomwe. Sindinaisakepo. Ndikaimva kwa munthu wina, ndiye kuti milomo ija ndaiika mawu a eni ake ena.

Matenda aja anabwereranso patapita zaka ziwiri, ulendo uno anawatenga. Thupi lisananyamuke kupita kumudzi tinachita mwambo wowakumbukira mu holo ya tchalitchi china ku Indianapolis, Loweruka masana. Pa gulupu aliyense ankati vidiyo ija, vidiyo ija, tsiku lija tinawalemekeza Anti, uibweretse. Ndinaibweretsa. Ndikanakana ndikanati chifukwa chiyani? Anailumikiza ku sikirini yaikulu ya pakhoma, nkhope ya Anti kukula ngati chitseko. Mkulu wa piyano uja anabwera, anakhala kumapeto kwa mzere wanga, jekete lake litamukulira.

Anthu anamvetsera mphindi zitatu zija, ena akusisima. Dzanja linakwera pa sikirini. Wani, thuu, firii. Nthungululu yanga inatuluka m'masipika, ndipo holo yonse inailandira, amayi a tcheya patsogolo, akulira, akululuta, pamalo omwe aja.

Ine ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinawerenga mpaka eyiti. Nditacheuka ndinaona zala za mkulu uja zikuyamba kuyenda pa mawondo ake, dzanja lamanzere pang'onopang'ono, lamanja likutsatira, maso ali pansi. Palibe wina anaona. Vidiyo inatha, abusa anaimirira, anayamba kuyankhula, zala zija zikuyendabe. Ndinaziyang'ana mpaka zinaima. Inalidi mphindi imodzi yokha.